Bowo la pa Bulangeti la Apongozi

Anthu amati namwino wausiku amazolowera. Amanena zimenezo ndi amene sanachezerepo ndi nyali m'manja. Ine ndinagwira ntchito yausiku zaka zambiri koma sindinazolowere, chifukwa thupi la munthu limadziwa lokha kuti kukada n'kogona. Chimene ndinapambana ine n'china, ufulu wogona masana, ndipo ndinaupeza kudzera pa bowo la pa bulangeti.

Munali m'masiku a Chitaganya. Ndinali nditangomaliza kuphunzira unamwino pa kachipatala ka mishoni kumapiri kuno, ukachoka pa boma la Ntcheu kulowera cha ku Tsangano. Kachipatalako kanali ndi chipinda cha amuna, cha akazi, ndi kena kakang'ono kochiriramo amayi. Wotiyang'anira anali mzungu wamkazi, wamtali, wouma ngati nsungwi, amene tonse tinkangomuti adona. Masana tinkakhalapo angapo. Usiku ankatsala munthu mmodzi, nyali ya palafini, ndi wotchi yaikulu ya pakhoma. Mnzanga wina anali woyembekezera, wina maso ake sankaona bwino kukada, choncho mausiku ambiri ankagwera ine.

Ntchitoyo ndinkaikonda, ndinene poyera. Mayi anga anamwalira pochira mng'ono wanga, m'nyumba modzaza anthu koma wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa chochita. Tsiku limene ndinavala kachipewa koyera ka unamwino ndinalira ngati kamwana, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sadzandivula munthu.

Koma ndinali pachitengwa. Kwathu kuno ng'ombe zikaperekedwa, mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna. Mwamuna wanga anali ku Joni, kumigodi, ndipo ine ndinatsala ndi makolo ake pamodzi ndi kamwana kathu kakakazi ka zaka ziwiri. Usiku kamwanako kankagona ndi apongozi anga aakazi. Mayi amenewa ndisawanamizire, sanali oipa mtima. Anali aafupi, amphamvu, olima kachewere kuposa amuna ambiri, ndipo akaitana nkhuku mawu awo ankamveka tsidya la mtsinje. Vuto lawo linali limodzi. Kwa iwo munthu wogona dzuwa likuwala anali wodwala kapena waulesi, ndipo ine ankaona kuti sindikudwala.

Ndikaweruka m'mawa ndinkayenda pafupifupi ola lathunthu, mame mpaka m'mawondo. Ndikangoti mutu pamphasa, ndinkamva:

"Odi kumeneko! Amake mwana, kodi mwafa? Mumtsuko mulibe ndi dontho lomwe."

Ndikabwerako kotunga madzi, kunali kusinja. Ndikatha kusinja, kunali kokumba kachewere. Tsiku limene andimvera chisoni n'kundisiya, ankasinja okha, koma mtondo wawo unali kuseri kwenikweni kwa khoma la nyumba yanga, moti munsi uliwonse unkatera m'mutu mwanga. Ndikati ndidandaule ankati, "Ife tachezera ndi mwana wanu usiku wonse, nanga tagona?" Mwanayo ankagona ngati mwala, koma mtengwa satsutsa apongozi.

Munthu wosagona amatha pang'onopang'ono osadziwa. M'maso mwanga munkachita ngati mwalowa mchenga. Ndiwo ndinkathira mchere kawiri. Kutchalitchi ndinkagwa tulo nyimbo yoyamba isanathe, azimayi n'kumakodolana. Kuchitsime nako kunali zonena, akuti mkazi wanji woyenda usiku mwamuna ali ku Joni. Tsiku lina mwana wanga anataya madzi a m'chikho, ine n'kumumenya mbama yaikulu. Anandiyang'ana modabwa asanayambe kulira. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ija mtima umandiwawa.

Kenaka zinthu ziwiri zinandigwera sabata imodzi. Choyamba, adona anandipeza m'bandakucha nditagona choimirira, nditatsamira kabati ya mankhwala, madzi ophitsira masingano ataphwa pa chitofu cha pulaimasi. Sanakalipe. Anangonena m'Chinyanja chawo cha m'buku chija kuti, "Namwino wogona apha munthu. Ukachitanso, upita kwanu."

Chachiwiri chinali bulangeti. Apongozi anga aamuna anali ndi bulangeti lofiira, lolemera, la mizere yakuda, limene anabwera nalo ku Joni pa unyamata wawo. Inali nyengo yozizira, kunja kuli chifunga ndi kamvula kowaza, ndiye apongozi aakazi atalichapa analiyanika m'khitchini pafupi ndi moto. Ine anandisiya kuti ndiyang'anire nyemba. Ndinakhala pachitsa, moto n'kumandiwotha bwinobwino. Chimene chinandidzutsa ndi fungo la ubweya wopserera. Nkhuni inali itathetheka, khala n'kugwera pa bulangeti, ndipo panali bowo lalikulu ngati pakamwa pa kapu.

Madzulo ake mlandu sunatalike.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero apongozi aakazi. "Lero ndi bulangeti, mawa adzakhala mwanayu. Mwezi uno ukatha, kachipewa kanuko mukabweze kwa adona. Muzikhala pakhomo ngati akazi anzanu."

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sananame, akanathadi kukhala mwana. Ndinangogwada n'kuti, "Ndamva, amayi." Kunali kutatsala masabata awiri.

Eni bulangeti sanayankhule kanthu, ndinangomva akutsokomola kuseri kwa chitseko. Sizinali zachilendo. Pa mwambo wathu mtengwa ndi apongozi aamuna amaopana. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Sindinkadya iwo akuona, sindinkakhudza chofunda chawo, sindinkawayang'ana kumaso. Zaka zitatu ndili pakhomo pawo tinali tisanayankhulanepo. Akafuna kundiuza kanthu ankauza kamwana kanga, kosatha n'kuyankhula komwe, kuti, "Uwauze amako nkhuni zatha." Anali munthu wofatsa, wowonda, wa chifuwa cha kumigodi, ndipo ankalawirira kudambo ndi ng'ombe zawo n'kubwerako dzuwa litalowa.

Patapita masiku asanu, ndikufika pantchito madzulo, ndinapeza ngolo yathu ili pakhomo pa chipatala. Apongozi aamuna anali atagwa kudambo. Thupi linali moto, mpweya ukuchita kubanika, ndipo adona anati ndi chibayo cha mbali zonse ziwiri. Mwamwayi tinali ndi penisilini, mankhwala amene anali atangofika kumene masiku amenewo, koma anali ndi lamulo lake louma. Ankafunika kubaya maola atatu alionse, usana ndi usiku, osadumphitsa. Jakisoni woyamba anabaya adona pa sikisi koloko. Nthawi yomweyo kunali mayi wina amene mwana anapingasa m'mimba, wofunika kuthamangira naye ku chipatala chachikulu pa lole ya mishoni. Adona anakwera, bambo wothandiza kuchipinda cha amuna anakweranso kuti akanyamule machira.

"Adona," ndinatero lole itayamba kale kulira, "bambo aja ndi apongozi anga."

"Chibayo sichidziwa apongozi," anayankha. "Naini koloko, thwelofu, fili, sikisi. Usaphonye."

Naini koloko itakwana ndinalowa m'chipinda cha amuna ndi mbale ya masingano. Apongozi aakazi, amene anabwera kudzadikirira matenda, anaimirira pakati pa ine ndi bedi.

"Mukufuna kutani?"

"Nthawi ya jakisoni yakwana, amayi."

"Wa pati?"

Ndinaloza pa thupi langa, kumbuyoku.

"Mayo ine! Inuyo? Abambo anuwa? Kodi tulo tija takupengetsani? Maso anu akaona pamenepo mudzayenda bwanji m'mudzi? Bayani pamkono."

"Pamkono palibe mnofu, amayi. Taonani mmene awondera."

"Ndiye bweretsani kuno ndibaye ndine. Ndatema mphini anthu angati ine?"

Ndinawafotokozera kuti pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu, ukaulasa mwendo umafa. Sanasunthe. Amuna ena odwala anali atafunda mitu, koma mabulangeti awo ankagwedezeka ndi kuseka. Ine sindinkaseka. Mwambo umene unali mwa mayi aja unalinso mwa ine, ndipo ndinkalakalaka pansi patang'ambika. Koma ndinkamvanso mmene bambo aja ankapumira, ngati munthu wokwera phiri atasenza thumba. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa kale naini.

Apo m'pamene maso anga anagwera pa chimene anafunda. Linali bulangeti lofiira lija, ndipo bowo langa linali cha kumapazi.

"Amayi," ndinatero, "atembenuzeni ayang'ane kukhoma. Muwafunditse thupi lonse, ndi mutu womwe. Bowo lija mulibweretse apa." Ndinawaonetsa malo ake pa thupi langa, cha m'mwamba, chakunja. "Ine ndiyang'ana kumbali mpaka mutatha. Ndikaona pabowo pokha."

Anayang'ana bowolo, n'kuyang'ana ine.

"Pabowo si munthu," anatero pang'onopang'ono, ngati akudzifunsa. "Ndi khungu chabe."

"Zoona, mayi," anayankhira mkulu wina wothyoka mwendo pa bedi loyandikana. "Khungu lilibe chipongozi."

Ndinafulatira. Ndinamva bulangeti likukokedwa, mayi aja akung'ung'udza. Atati "Bwerani," ndinapeza phiri lofiira lopanda mutu kapena miyendo, lili ndi kabwalo kamodzi ka khungu. Ndinapukutapo ndi sipiliti, n'kubaya. 

Apongozi aakazi analumbira kuti sagona, poti bowo linkafuna mwini wolisunga. Anakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pa ine. Anandiona ndikupita kuchipinda cha akazi kumene kamwana kena kanali kukomoka ndi malungo, ndikukapukuta ndi madzi mpaka kanatsitsimuka. Anandiona ndikutaya zotengera za odwala osatha kudzuka, ndikutembenuza gogo wina wa zilonda za pamsana, ndikuphitsa masingano, ndikuthira palafini mu nyali. Pa thwelofu tinabayanso, tsopano mwachangu ngati anthu ozolowerana.

"Simukhala pansi kodi?" anafunsa.

"Ndikakhala pansi ndigona, amayi."

Fili koloko ndi ola loipa. Kumazizira mpaka m'mafupa, miyendo imalemera, ndipo munthu umatha kuwerenga chinthu katatu osachimva. Nditafika ndi mbale yanga ndinapeza msungi wa bowo atatsamira mwendo wa bedi, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono. Ndisabise, mtima unandiuza kuti ndiwagwedeze n'kuwafunsa kuti, kodi mwafa? Ndisanatambasule dzanja, pansi pa bulangeti panatuluka mawu otsika, osasa.

"Musawadzutse. Bowo ndaliika kale."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa mbale. Amenewo anali mawu oyamba amene bambo aja anandiyankhula ine mwini, osadzera kwa mwana. Ndinabaya mwakachetechete. Ndikuti ndizichoka, anapitiriza, nkhope ili kukhoma, mutu uli m'bulangeti.

"Ola lino ndimalidziwa, mayi. Kumgodi ndinagwira shifiti yausiku zaka zinayi. Anthu ankaduka zala ola ngati lino." Anapuma kaye. "Inu mumagona nthawi yanji?"

Ndinagwada, nanenso nditayang'ana kwina. "Ndimagona, bambo."

"Sindinafunse ngati mumagona. Ndati nthawi yanji?"

 Kuneneza apongozi aakazi ali pomwepo sindikanatha, kunama kwa munthu wodwala chonchija sindinafunenso.

"Nyemba zikakhala pamoto, bambo."

Bulangeti linagwedezeka. Ndinayesa akubanika, koma ankaseka, mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Atapeza mpweya anangoti, "Ndamva." Iwo ankachoka ndi ng'ombe ine ndisanafike, n'kubwerako nditapita kale. Ankayesa kuti masana onse ndimakhala ndili m'tulo, ndipo panalibe njira yoti ine ndiwauze.

Tinachezera motero mausiku anayi. Adona atabwerako m'mawa mwake ankabaya okha masana, usiku kunali ine ndi bowo. Apongozi aakazi masana sankagona, poti odikirira matenda amaphika, amachapa, amatola nkhuni, komanso akanagona bwanji dzuwa likuwala, iwo aja? Pofika tsiku lachitatu maso awo anali psuu, akuyenda ngati aledzera. M'mawa umenewo anabweretsa phala. Apongozi aamuna analawa kamodzi n'kubweza chikombe.

"Mwathira mchere kawiri."

Ine ndinali pakhomo ndikupinda nsalu. Ndinaluma mlomo n'kutuluka panja, chifukwa ndikanaseka pamenepo ukwati ukanatha.

Usiku wachinayi thukuta linatuluka, bulangeti lonse n'kunyowa, ndipo kutacha anapempha okha madzi akumwa. Adona anayang'ana pepala limene ndinkalembapo nthawi ya jakisoni aliyense, sanapeze podumpha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kuti, "Wachita bwino." Munthu ameneyu sankayamika wamba, moti mawu awiri amenewo ndinayenda nawo njira yonse ngati ndasenza mphatso.

Koma mwezi unali kutha, ndipo za kachipewa zija palibe anazibweza. Apongozi atatuluka m'chipatala ndinagwirabe mausiku otsalawo ndi mtima wolemera. M'mawa wa tsiku lomaliza ndinakapinda kachipewa kanga, n'kukamanga pansonga ya chitenje. Ndinati ndikapemphe komaliza, akakana ndikabweze madzulo. Njira yonse ndinkakonza mawu, misozi ikutsika yokha.

Nditafika pakhomo ndinaona chachilendo. Mtondo kuseri kwa nyumba yanga kunalibe, unali uko kupitirira khola la ng'ombe. Pansi pa mtengo wa mapichesi, moyang'anana ndi chitseko changa, panakhala apongozi aamuna pa kampando, atafunda bulangeti lofiira. Pamiyendo pawo panali chibonga chimene ankavinira gule wa ngoma. Ndinapatuka n'kugwada chofulatira monga mwa masiku onse. Anaitana kamwana kanga n'kukaimika pakati pa mawondo awo, koma mawu anawakweza kuti pakhomo ponse pamve, ndi oyandikana nafe omwe.

"Uwauze amako, uwauzenso agogo ako. Ku komboni ku Joni, munthu akachita phokoso pakhomo pa anthu a shifiti yausiku, ankalandira jombo kumutu. Pano jombo palibe, pali chibonga. Kuyambira lero, amako akalowa m'nyumbamo, kulibe. Muziyesa ali ku Joni. Adzabwerako mthunzi wa mtengo uno ukafika pa khola."

"Nanga madzi?" anafunsa apongozi aakazi ali pakhomo pa khitchini.

"Asanabwere mayiwa tinkamwa chiyani?"

 Ine ndinadikira ndili chigwadire, chifukwa ndinkadziwa kuti lamulo la bambo pa ntchito za akazi limatha mphamvu ngati mayi sanalivomere. Ndinamva mapazi akubwera. Apongozi aakazi anaima pambali panga, manja m'chuuno.

"Mwamanga chiyani pachitenjepo?"

"Kachipewa kaja, amayi."

"Tamasulani ndione." Anakatembenuza uku ndi uku. "Ndiye mumavala chakuda chonchi pamaso pa anthu? Mufuna azinena kuti kwa apongozi anu kulibe sopo? Bweretsani ndikuchapireni, kaume musanapite madzulo. Inu kagoneni, mwaima ngati mzukwa."

 Ndinangowomba m'manja katatu, misozi ili chuchuchu, n'kulowa m'nyumba.

Kachipewa kameneko ndinakavala mpaka imvi. Ana amene ndinawalandira m'manja mwanga usiku ena ndi agogo tsopano, ndipo akandiona pamsika amandipatsa moni wa manja awiri. Anamwino ena a pambuyo panga, akavutika kwawo, ankatengera apongozi awo kwathu kuti akaone kumene mtondo unasamukira. Bowo lija silinasokedwe. Apongozi aakazi anayesapo kangapo kuti aikepo chigamba, eni ake n'kumakana kuti limenelo ndi khomo limene moyo wawo unabwererapo.

Koma pa zonsezi chimene ndimakumbukira kwambiri ndi tsiku loyamba lija. Ndinagona tulo tofa nato, topanda ndi loto lomwe. Nditatsegula maso, kuwala kwa pansi pa chitseko kunali kutapendeka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri m'mutu mwanga munali mwa mbee. Panja panali zii. Kenaka ndinamva nkhuku ikuyandikira pakhonde, ikuyamba kutetera. Ndinamva mapazi onyang'ama, ndipo apongozi anga aakazi, aja mawu awo ankamveka tsidya la mtsinje, anali kuithamangitsa monong'ona.

"Choka iwe! Sukudziwa kuti muli anamwino m'menemo?"

Ndinakoka chofunda, n'kutembenuka, n'kugonanso.